Ndinatsala Pang'ono Kugulitsa Ng'ombe Chifukwa cha Maso

Abale anga a m'midzi, amuna ndi akazi omwe, tcherani khutu pang'ono, pakuti ndili ndi nkhani ya maso ndi ya ndalama. Ine ndine mlimi wa m'tsinde mwa Phiri la Dedza, ndipo zaka zanga zapitirira 65. Ndimalima chimanga, nyemba ndi kachewere monga anzanga onse a kuno. Zimene ndikuuzeni pano sindinazimve kwa munthu wina ayi, zinandionekera ine mwini, ndipo ndafuna kuti mnzanga wina asadzagwe m'dzenje limene ine ndinaima m'mphepete mwake.

Amene anafikako kwathu kuno akudziwa kuti Dedza ndi dziko lozizira. M'miyezi ya June ndi July nkhungu imatsika m'phiri m'mamawa ndi kuphimba mitengo ya paini, midzi ndi madimba, mpaka munthu osaona khola lake lomwe. Koma dzuwa likakwera nkhunguyo imachoka, ndipo phiri limaonekanso lonse kufikira pa nsonga pamene pali nsanja za wailesi.

M'chaka cha 2021 ndinayamba kuona kuti nkhungu ikuchedwa kuchoka. Tsiku lina ndinati kwa akazi anga, "Amayi, chaka chino chisanu chanyanya. Taonani, dzuwa lafika pamutu koma phiri silikuoneka." Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Abambo, kunja kwayera mbee. Nkhunguyo ili m'maso mwanumo."

Nkhungu yosachoka

Matendawa sanabwere ndi ululu, ndicho chifukwa chake ndinawanyozera. Diso la kumanja ndilo linayamba, la kumanzere linatsatira. Poyamba ndinalephera kuwerenga manambala a pa sikelo pogulitsa nyemba, kotero kuti ndinkangovomera zimene wogula wanena. Kenaka ndinalephera kusiyanitsa ndalama ya pepala ya K500 ndi ya K2,000. Usiku ndikaima m'mbali mwa msewu waukulu wa M1, nyali za galimoto zinkamwazika m'maso mwanga ngati moto wa kutchire. Koma chimene chinandiwawa koposa ndi cha kudimba. Mlimi wa kachewere ayenera kuona msanga timadontho takuda ta chiwawu pa masamba, kuti apopere mankhwala matenda asanafalikire. Ine ndinkadutsa m'mizere ndi kunena kuti mbewu ili bwino, pamene chiwawu chinali chitagwira kale theka la dimba. M'chaka cha 2022 ndinakolola matumba ochepa kuposa chaka china chilichonse chikwatirire.

Chaka chomwecho mdzukulu wanga wamkazi anayamba kujomba kusukulu masiku a msika kuti azindigwira dzanja. Munthu wamkulu amene unkasenza thumba la chimanga wekha, lero ukutsogozedwa ndi mwana ngati mbuzi ya pachingwe! Ndinkachita manyazi, ndipo ndinayamba kungokhala pakhonde.

Musaganize kuti ndinangokhala osayesa kanthu. Ndinayesa, koma ndinayesa kolakwika. Mnansi wina anandifinyira madzi a masamba a kutchire m'maso, ndipo ndinagona masiku atatu maso ali psuu, akuotcha ngati ndathiramo tsabola. Nkhungu sinachoke. Pambuyo pake a chipatala anandiuza kuti ndinachita mwayi, pakuti mankhwala otere amatha kusiya zilonda ndi zipsera pa diso, zimene sizichokanso.

Kenaka ndinagula mandala pa msika. Ana a masiku ano amati magalasi, koma ife akale timati mandala, dzina lomwe makolo athu anapatsa mzungu uja John Moir wa kampani ya African Lakes chifukwa cha magalasi ake, mpaka nyumba ya kampaniyo ku Blantyre ikutchedwa Mandala kufikira lero. Mnyamata wogulitsayo anayala mandala ake pa chiguduli, nafuula kuti, "Lero lokha agogo, ndatsitsa mtengo! Awiri pa mtengo wa amodzi!" Ndinagula awiri ndi ndalama ya atambala awiri. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti nkhungu ija yangokula, pakuti mandala amakulitsa zilembo koma sangayeretse chimene chada m'kati mwa diso. Kumeneko kunali kutsika mtengo koyamba kundidyera ndalama, koma sindinatolepo nzeru.

Mudzafunsa kuti, nanga kuchipatala bwanji simunapite, poti chili pa Boma pomwepo? Ndiyankha mosabisa: ndinkaopa. Kumudzi kwathu kunkamveka mbiri yakuti adotolo amakolowola diso naliika m'mbale, ndipo likawavuta amakuikira la mbuzi. Ena ankati kusaona ndi ukalamba basi, ndipo ukalamba ulibe mankhwala. Ine ndinkakhulupirira zonse ziwiri.

Uthenga wochokera ku Johannesburg

Mwana wanga wachisamba amagwira ntchito ku Johannesburg, kumene ife timangoti ku Joni. M'mwezi wa May 2023 anaimba lamya madzulo, mawu ake ali okondwa. Anati, "Bambo, mavuto anu atha. Kuno kuli makina otchedwa laser, amene amakonza maso ndi kuwala kokha, popanda mpeni, popanda magazi. Ndipo mwezi uno ndi wa mawa atsitsa mtengo ndi theka." Ine ndinamva ngati wati Leza, ndipo ndinamufunsa ngati azungu tsopano agwira mphezi ndi kuitsekera m'bokosi. Anaseka kwambiri, nati, "Ayi Bambo, koma mwayandikira. Ndi kuwala kwamphamvu, kosongoka ngati singano."

M'mawa mwake anatumiza chithunzi cha chikalata cha malondawo pa lamya ya m'manja ya mdzukulu wanga. Mtsikanayo anatiwerengera zilembo zikuluzikulu ndi kumasulira: Tayani magalasi anu. Mphindi zochepa chabe. Theka la mtengo. Fulumirani, mwayi utha pa 30 June. Mawu amene anandigwira mtima ndi akuti popanda mpeni. Amene anandichotsa tulo ndi akuti fulumirani.

Mwana wanga anati adzalipira gawo lina, koma ine ndipeze ya pasipoti, ya basi ya anthu awiri, pakuti wosaona sayenda yekha, ndi yotsala ya kuchipatalako. Ulendo wake ngwodziwika: basi imatulukira pa chipata cha Dedza pompano kulowa m'Mozambique, kudzera ku Tete, ku Harare ndi ku Beitbridge, masiku awiri pa njira. Titawerengetsa zonse tinapeza kuti kachewere ndi nyemba sizingakwanire. Zotsala zinali ng'ombe zanga ziwiri za pangolo.

Inu alimi mukudziwa kuti ng'ombe za pangolo si ndiwo chabe. Ndizo zimatuta manyowa kupita kudimba, ndizo zimatsitsa matumba kufika pa msewu, ndipo anthu akabwereka ngolo amalipira ndalama imene timagulira feteleza. Ng'ombe zimenezo ndinazilera zili zazing'ono, ndi kuziphunzitsa goli ndekha. Koma ndinati mumtima, ng'ombe n'chiyani kwa munthu wosaona?

Wogula anabwera Lachiwiri, munthu wa butchala. Anali atamva kale kuti ndili pa changu, ndipo anatchula mtengo wa ng'ombe imodzi pa ziwiri zonse. Taonani chodabwitsa abale anga: kuti ndipeze diso pa theka la mtengo, ndinayenera kugulitsa ng'ombe pa theka la mtengo! Komabe ndinamuuza kuti abwere Loweruka ndi ndalama.

Usiku umenewo akazi anga anakhala pamphasa osadya. Anati, "Abambo, ine sindikukuletsani kuona. Ndani akuvutika ndi kukutsogolerani ngati si ine? Koma ndiuzeni, anthu a ku Joniwo maso anu anawaona liti? Adziwa bwanji kuti makina awo ndiwo mankhwala a nthenda yanu? Ngakhale feteleza timayamba tafunsa alangizi kuti mbewu ikufuna wotani. Safunsa anadya phula. Tiyeni mawa pa Boma akatiuze dzina la matendawa, ndipo akatero mugulitse ng'ombezo ndi ngolo yomwe, ine sindidzalankhulanso."

Ndinakwiya, pakuti mwamuna sakonda kugonja pa nkhani ya ng'ombe. Koma kutacha ndinavala jekete, ndipo tinapita.

Zimene ananena a chipatala

Pa chipatala cha Boma cha Dedza tinalowa kwa mnyamata wa ntchito ya maso, wa msinkhu wa mwana wanga. Anandiimika patsogolo pa chikwangwani cha zilembo, koma ndi diso la kumanja sindinaone ngakhale chilembo chachikulu cha pamwamba. Anandionetsa zala zake, nandiunika ndi katochi, nadontheza mankhwala okulitsa mwana wa diso, ndipo anayang'ananso. Pomaliza anati, "Agogo, imeneyi ndi ng'ala. Ili m'maso onse awiri, koma ya kumanja yakhwima. Kumbuyo kwa diso kukuoneka kuti kuli moyo, pakuti mukutha kuloza kumene kukuchokera kuwala. Ng'ala imachotsedwa, ndipo chiyembekezo n'chachikulu kuti mudzaonanso."

Pamenepo ndinamupatsa lamya kuti aone chikalata cha ku Joni chija. Sanandiseke ayi. Anatenga pepala najambula diso lalikulu, ndi kufotokozera akazi anga amene ankaona, ine ndikumvetsera. Anati diso lili ndi timagalasi tiwiri. Koyamba kali kunja, koonekera ngati madzi, kamene kamaphimba pakuda pa diso. Kachiwiri kali m'kati, kuseri kwa mwana wa diso, kakang'ono ngati batani la malaya. Anthu ena, makamaka achinyamata, ali ndi diso limene silisonkhanitsa bwino kuwala, kotero saona zakutali popanda magalasi. Makina a laser a pa chikalatacho amasema pang'ono kagalasi ka kunja kaja kuti kasinthe kapindikidwe kake, ndipo munthuyo amasiya kuvala magalasi. Koma ng'ala ili mu kagalasi ka m'kati. Munthu akamakalamba kagalasi kameneko kamachita mbuu, monga choyera cha dzira, chimene chimaonekera chili chachiwisi koma chikaphikidwa sichionekeranso.

"Tsono agogo," anatero mnyamatayo, "ngakhale mutasema kunja chotani, dzira la m'kati lapsa kale. Mukadafika ku Joni akadakuyezani, mukadalipira ya kuyezako, ndipo akadakuuzani zomwe ndakuuzani ine pano kwaulere. Ng'ala amachotsanso kumeneko, inde, koma m'zipatala zolipira mtengo wake ndi wina, si uwu wa pa chikalata."

Kenaka anakulitsa chithunzicho ndi zala zake, nawerenga tizilembo ta m'munsi timene mdzukulu wanga anatidumpha. Patsogolo pa mtengo uja panali mawu aang'ono akuti "kuyambira pa", kutanthauza kuti umenewo ndi mtengo wotsikitsitsa, osati wa aliyense. Unali wa diso limodzi. Unali wa anthu okhawo amene vuto lawo ndi laling'ono. Kuyeza koyamba, mankhwala odontheza ndi kubwereranso kukaonedwa, zonsezo zinali ndi malipiro ake apadera. Bodza lenileni panalibe pa chikalatacho, koma choona chinalembedwa ndi zilembo zimene munthu wodwala maso sangathe kuziwerenga. Akazi anga anangoti, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Si kwathu kokha

Musamve ngati ndikunyoza makinawo. Ndi nzeru yaikulu, ndipo yathandiza anthu mamiliyoni ambiri. Njira yake yotchuka imatchedwa LASIK, ndipo dotolo wa ku Greece, Ioannis Pallikaris, ndi mmodzi wa amene anaiyamba cha m'ma 1990. Koma ili ndi eni ake: munthu wopitirira zaka 18, amene mphamvu ya magalasi ake yakhazikika, ndipo kagalasi kake ka kunja n'kochindikala mokwanira. Ena akachitidwa amauma m'maso kapena kuthobwa ndi nyali usiku, ndipo ambiri akapitirira zaka 40 amafunabe magalasi owerengera. Palinso laser ya mitundu ina imene adotolo amathandizira maso oonongeka ndi matenda a shuga, ndi kuchotsera kachifunga kamene nthawi zina kamabwera pambuyo pa opaleshoni ya ng'ala. Khasu ndi nkhwangwa zonse n'zachitsulo, koma munthu salima ndi nkhwangwa.

Aphunzitsi a pa sukulu ya kwathu, amene amawerenga nkhani za maiko akunja, anandiuza kuti msampha wa mtengo wotsika umakola ndi anthu ophunzira omwe. Ku America, m'mwezi wa January 2023, bungwe la boma loyang'anira malonda, la Federal Trade Commission, linalamula kampani ina yaikulu ya LASIK kupereka madola 1,250,000 chifukwa chokopa anthu ndi mtengo wa madola 250 pa diso. Bungwelo linapeza kuti mwa anthu 100 alionse amene anapita kukayezetsa, osakwana 7 ndiwo anali oyenera mtengo umenewo pa maso onse awiri. Ambiri otsalawo ankauzidwa mtengo wa madola 1,800 kapena kuposa pa diso limodzi, atafika kale ndi kutaya nthawi yawo. Tsono ngati a ku America amakodwa, nanga ine wa ku Dedza?

Ulendo wa ku Lilongwe

Loweruka wogula ng'ombe anabwera ndi ndalama m'thumba, ndipo ndinamubweza. Anapita akung'ung'udza. Mwana wanga nayenso anakhumudwa poyamba, pakuti anachita zonsezo ndi mtima wachikondi, koma nditamufotokozera za timagalasi tiwiri anati, "Pepani Bambo, ndikadakuonongetsani chuma." Ndinamuuza kuti palibe cholakwa, pakuti chikalata chake ndicho chinandifikitsa kuchipatala kumene ndinakuthawa zaka ziwiri.

A pa Dedza anandilembera kalata yopita ku chipatala cha maso cha Lions Sight First, chimene chili pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ulendo wa makilomita ngati 85 pa msewu wa M1. Tinapita m'mwezi wa August, chimanga chili kale m'nkhokwe. Kumeneko anandiyeza kuthamanga kwa magazi ndi shuga, nayezanso diso lija mosamala.

Tsiku la opaleshoni miyendo inkanjenjemera. Pa benchi tinalipo okalamba ambiri, aliyense ali chete ndi mantha ake. Sanandigonetse tulo ayi. Anabaya jakisoni m'mbali mwa diso kuti lichite dzanzi, nandifunditsa nsalu kumaso. Ndinkamva adotolo akulankhula ndi anamwino, ndinkaona kuwala kokha, koma ululu sindinaumve. Diso silinatuluke m'malo mwake, mbale sindinaimve kulira, ndipo mbuzi panalibe. Amangocheka pang'ono m'mphepete mwa diso, natulutsa kagalasi kakufako, ndi kulowetsa kena koyera ka pulasitiki kamene kamakhala momwemo moyo wonse. Ntchito yonse sinakwane theka la ola.

M'mawa mwake namwino anamatula thonje. Choyamba kuona chinali chitenje cha akazi anga, chimene ine ndinkati n'chotuwa, koma chinali chobiriwira, cha maluwa achikasu. Chachiwiri chinali imvi za m'mutu mwawo. Ndinati, "Amayi, mwakalamba liti chonchi?" Iwo anati, "Pokutsogolerani inu," ndipo odwala onse m'chipindamo anaseka. Pobwerera, minibasi itapitirira Linthipe, ndinaona Phiri la Dedza lili njoo patsogolo pathu, lopanda nkhungu, ndipo ndinapempha mnyamata amene anakhala pa zenera kuti tisinthane malo.

Anandilamula kudontheza mankhwala masabata angapo, kusatikita diso, kupewa utsi ndi fumbi, ndi kusagwira khasu kapena kusenza katundu kufikira atandionanso. Ndinamvera zonse. Ng'ala ya diso la kumanzere anachotsa m'chaka cha 2024. Tsopano ndimavala mandala owerengera okha, oyezedwa kuchipatala, ndipo ndi amene ndavala polemba kalata iyi ndi dzanja langa.

Mtengo weniweni

Tsono tiwerengetse. Pa opaleshoni sindinalipire kanthu, pakuti zipatala za Boma sizilipiritsa odwala wamba. Koma ndinama ndikati ulendowo unali waulere. Tinalipira minibasi ya anthu awiri, kupita ndi kubwera, kangapo. Tinagula chakudya cha wondisamalira, amene kuchipatala amati gadiyani. Tinalemba aganyu othirira dimba masabata amene sindinagwire ntchito. Zonse pamodzi, pa diso loyamba, zinadya matumba atatu a kachewere ndi mbuzi imodzi. Umenewo ndiwo mtengo weniweni wa diso kwa munthu wa kumudzi, ndipo ndi bwino kuukonzekera nthawi ya zokolola, ndalama zili m'manja. Koma matumba atatu ndi mbuzi si ng'ombe ziwiri. Ndiponso m'mwezi wa November 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100, ndipo mitengo ya zinthu inakwera. Ndikadagulitsa ng'ombe zija mu June, sindikadakhalanso ndi ng'ombe kufikira imfa.

Ndinafunsa adotolo kuti zimatheka bwanji kuti ntchito yaikulu chotere ichitike kwa mmphawi osalipira. Anandiuza kuti wolipira alipo: ndi misonkho ya tonsefe, ndi mabungwe othandiza za maso monga a Lions, Sightsavers ndi CBM. Anatinso kagalasi ka pulasitiki kaja anakayamba ndi dotolo wa ku London, Harold Ridley, m'chaka cha 1949, ndipo kwa zaka zambiri kanali kodula, ka anthu a maiko olemera okha. Kale kuno munthu akachotsedwa ng'ala ankavala mandala ochindikala ngati pansi pa botolo, ndipo mandalawo akasweka anali wakhungu kachiwiri. Koma m'chaka cha 1992 a chipatala cha maso cha Aravind ku Madurai, m'dziko la India, anatsegula fakitale yotchedwa Aurolab yopanga timagalasi totsika mtengo, ndipo m'zaka zomwezo a Fred Hollows Foundation anatsegulanso ena ku Eritrea ndi ku Nepal. Mtengo unagwa kwambiri, mpaka kagalasi kanafika m'diso la mlimi wa ku Dedza. Kumeneko ndiko kutsika mtengo kwenikweni. Sikunalembedwe pa chikalata ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo sikunathe pa 30 June.

Koma ndisakunamizeni kuti aliyense wopita kuchipatala amabwerako akuona. Nditachira, mnzanga wa ubwana, amene tinkaweta naye ng'ombe m'phirimu, anandipempha kuti ndimuperekeze, pakuti nayenso anali mu mdima. Adotolo atamuyeza anapeza kuti yake si ng'ala. Ndi matenda otchedwa glaucoma, amene madzi a m'diso amapanikiza mtsempha wa kumbuyo kufikira utafa, pang'onopang'ono, kawirikawiri popanda ululu. Chimene chafa sichidzukanso, ngakhale ndi mpeni, ngakhale ndi laser. Anamupatsa mankhwala oteteza kuwala pang'ono kumene kunatsala m'diso limodzi, namuuza kuti akadabwera msanga akadapulumutsa zambiri. Tinabwerera tili chete njira yonse. Nkhungu yake ndi yanga zinkaoneka zofanana kwa ife, koma wodziwa kusiyanitsa ndi woyeza yekha.

Ife a chigawo chapakati tili ndi mwayi. Kuwonjezera pa Lilongwe, pali chipatala cha mishoni cha Nkhoma, chimene chinayamba m'chaka cha 1915 ndipo chinatchuka pa za maso kuyambira kale. Njira yake imapatuka pa Kamphata. Zipatala za mishoni zimakhala ndi malipiro ake, choncho funsani musananyamuke. A kummwera ali ndi chipatala cha maso pa Queen Elizabeth ku Blantyre. Nthawi zina adotolo a maso amayendera zipatala za m'maboma, ndipo alangizi a zaumoyo a m'midzi ndiwo oyenera kuwafunsa masiku ake. Dziwani kuti ng'ala ndiyo imachititsa khungu anthu ambiri pa dziko lonse lapansi, chonsecho ndi imene imachotsedwa m'nthawi yosakwana yophikira nyemba.

Tsono abale anga, mukamva za mtengo wotsika, kaya ndi wa laser, kaya wa mandala, kaya wa mankhwala a m'botolo olengezedwa pa msika kapena pa lamya, funsani mafunso atatu. Loyamba: kodi nthenda yanga dzina lake n'chiyani, ndipo wanena ndani atandiyeza? Lachiwiri: kodi mtengo uwu ndi wa zonse, maso onse awiri, kuyeza, mankhwala ndi kubwereranso, kapena ndi wa pakhomo polowera chabe? Lachitatu: n'chifukwa chiyani akundifulumizitsa? Wofuna kukuchiritsa amati bwera msanga matenda asanakule. Wofuna ndalama zako amati bwera msanga mwezi usanathe. Mawuwa amamveka ofanana, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Inu ana athu amene muli ku Joni, ku Harare ndi m'matauni, tikuthokoza chikondi chanu. Koma musanatumize chikalata cha malonda, tumizani ya minibasi kuti makolo akayezedwe pafupi. Ndipo inu amene muli ndi agogo ongokhala pakhonde chifukwa cha nkhungu, musanene kuti ndi ukalamba chabe. Agwireni dzanja mupite nawo, musadikire kuti mdima ukwane monga anachitira mnzanga uja.

Ng'ombe zanga zilipo. Sabata yatha zatsitsa matumba 12 a kachewere kufika pa msewu, ndipo manambala a pa sikelo ndinawerenga ndekha. Mdzukulu wanga sakujombanso kusukulu.

Tsalani bwino nonse.

Ine wanu,
Mlimi wa m'tsinde mwa Phiri la Dedza.